Mizere Imene Ambokile Sanawerenge

Ambokile Mwangomba ndi munthu amene amatopa ndi anthu msanga. Sikuti ndi woipa mtima, ayi. Pamaliro amafika, kukwaya amaimba besi, ngakhale njinga yake amabwereketsa. Koma mukamupatsa pepala lolembedwa mokhotakhota, kapena mukayamba kumufotokozera nkhani kuchokera kwa agogo anu, mumangoona mtsempha wa pachipumi pake ukutukuka.

Anabadwira ku Mwenilondo zaka makumi anayi ndi ziwiri zapitazo. Sukulu inamuthera pa Fomu 4, ndipo ntchito yake yoyamba inali yotayipa m'kashopu ka zolembera pafupi ndi depoti ya pa boma. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala akutayipa makalata ofunsira ntchito ndi mapologalamu a maukwati, uku akukangana ndi makasitomala amene ankasintha maganizo pepala litatuluka kale. Kenako analowa ganyu yolowetsa mayankho a kafukufuku m'kompyuta, ndipo kumeneko mkulu wina wa ku Mbeya, dzina lake Jeffrey, anamuphunzitsa chinthu chimene chinamukhala mumtima kuposa nyimbo iliyonse ya kwaya. Chinthucho amachitcha rejekisi.

Rejekisi ndi kachiganizo ka zizindikiro kamene umauza nako kompyuta maonekedwe a chimene ukufuna. Sunena kuti "ndipezere 245", umanena kuti "ndipezere mzere uliwonse umene muli dzina lakuti, kenako mpata, kenako nambala". Kompyuta imadutsa m'fayilo ya mizere zikwizikwi iwe usanameze malovu, nkukupatsa yokhayo yogwirizana ndi zimene wanena. Ambokile ankaitcha sefa. Tsiku limene anaimvetsa anayenda wapansi mpaka kwawo akumwetulira yekha, chifukwa anali atapeza njira yopezera yankho popanda kumvetsera munthu.

Ndi luso limeneli limene linamulowetsa ku Maso pa Mtsinje, bungwe laling'ono limene limachenjeza anthu a ku Kaporo madzi akamabwera. M'mitsinje yotsikira ku chigwa cha mpungacho anazikamo zitsulo zolembedwa manambala, ndipo pa chitsulo chilichonse pali munthu wa m'mudzi amene amawerenga pamene madzi afika, m'mawa ndi madzulo, nkutumiza uthenga wa pafoni. Anthuwo alipo makumi awiri ndi atatu. Mauthenga onse amagwera m'fayilo imodzi pa laputopu ya Ambokile, ndipo nambala ikadutsa 300 amaimbira makomiti a kumunsi kuti anthu asamutse mbewu ndi ziweto.

Vuto ndi lakuti nambala ya foni ya bungweyo aliyense ku Kaporo amaidziwa. Wina amatumiza moni, wina vesi, wina akufunsa ngati kubwera mbewu, wina wangolemba kuti "ndiimbireni". Nambala za otumiza nazo sizodalirika, poti kufupi ndi malire munthu amakhala ndi masimu atatu m'thumba, awiri a kuno imodzi ya ku Tanzania, nkumasintha malinga ndi kumene netiweki yagwira. Choncho Ambokile anaika lamulo limodzi, ndipo analinena pa maphunziro mpaka mawu anasasa: dzina la malo, mpata, nambala. Basi. Moni ayi, nkhani ayi. Zina zonse sefa inkataya, iye osaziyang'ananso nkomwe.

Mu Febuluwale bwana wake, a Khumbize, mayi wa ku Ntcheu wosakonda zozungulira, anamufunsa mayina a amene satumiza mauthenga. Panali chifukwa. Pa 14 Januwale madzi a mu Lufilya anasefukira m'mudzi wina wa kumunsi popanda chenjezo, anatenga mbuzi ndi nazale za mpunga, ndipo anthu ankafuna kudziwa amene anagona pa ntchito. Ambokile anasefa. Chitsulo cha pa doko la Mwakibinga chinali zii kuyambira pakati pa Okutobala, mwezi umene wowerenga wake, Hudson, anapita ku Joni nkusiyira foni mkazi wake Emma. Kalata yochotsa Emma pa ntchitoyo anatayipa Ambokile yemwe, ndipo poona kuti mawu a bwana achepa mchere, anawonjezeramo ake akuti "ulesi ndi kutayirira". Kalatayo inawerengedwa pa msonkhano wa mudzi, anthu onse akumva. Emma analandidwa foni ndi majombo a mphira, ndipo komiti inati Lachisanu idzasankha munthu wina.

Lachitatu m'mawa, magetsi atangobwera, pakhomo la ofesi panaima mayi wamfupi, mwana kumsana, matope atauma m'miyendo mpaka m'mawondo.

"Mwaghona, bambo. Ndine Emma, amandiitana Mama Lughano. Ndabwera za kalata ija."

Ambokile anausa moyo. Anali ndi malipoti awiri osamaliza, ndipo ankadziwa kale mmene nkhani zotere zimayendera: foni inanyowa, netiweki kulibe, mwana amadwala.

"Khalani pansi, mayi. Vuto ndi chiyani?"

"Vuto ndi bodza. Ine sindinaphonyepo tsiku. M'mawa sikisi koloko, madzulo folo koloko. Ngakhale pa Khirisimasi."

"Mayi, zimenezo aliyense amanena."

"Sono ine sindine aliyense. Ku tchalitchi azimayi akusuntha ndikakhala. Mwini mbuzi zinapita ndi madzi zija anabwera pakhomo panga kudzanditukwana ana akumva. Mwamuna wanga ku Joni amva kale, akuti ndamuchititsa manyazi. Inu mwalemba kuti ndine waulesi, mumandidziwa?"

Mtsempha uja unatukuka. Ambokile anatembenuza laputopu kuti mayiyo aone, natayipa mosindikiza mabatani ngati akupha nsikidzi: Mwakibinga +[0-9]+

"Mukuona apa? Ndauza makina kuti andipatse mzere uliwonse umene muli dzina la doko lanu ndi nambala. Onani. Okutobala 16, amuna anu. Okutobala 17, amuna anu. Kenako? Palibe. Miyezi inayi, mayi. Makinawa sadana ndi munthu, sakudziwani, alibe chibale ndi wa mbuzi. Chimene chilipo amachipeza, chimene palibe sachipeza."

"Ndiye makina anuwo ndi akhungu."

Ambokile anaseka kaseko kamene munthu amaseka pofuna kuti asatukwane. Mayi wa pulayimale, wabwera pa kabaza ndi matope ake, kudzamuuza iye za makina! Anayamba kufotokoza kachiwiri, pang'onopang'ono, monga amafotokozera mwana wa sitandade wanu. Emma sanamuyang'ane. Ankasuntha mwana kumsana, maso ali pa sikirini.

"Funsani makina anuwo za 312," anatero.

"312 ya chiyani?"

"Pa 14 Januwale m'mawa madzi anafika 312. Ndinalowa mpaka m'chiuno kuti ndione bwino chifukwa panakola chinthochi pa chitsulo. Ndinatumiza katatu, poti palibe amene anandiyankha."

Akanatha kukana. Nthawi inali kupita, ndipo iye sankakonda kuti munthu azimuuza chotayipa. Koma anaganiza kuti njira yachidule yochotsera mayiyu pa ofesi ndi kumuonetsa kuti ngakhale 312 yakeyo kulibe. Anafufuta dzina la doko, nasiya nambala yokha.

Panatuluka mizere itatu, yonse ya pa 14 Januwale. Woyamba 6:02, wachiwiri 6:20, wachitatu 6:41. Uthenga wake unali wofanana: "Kwa apongozi 312". Wachitatu unali ndi mawu owonjezera akuti "chonde uzani akumunsi".

Ambokile anawerenga mizereyo kawiri. Kenako, monga amachitira munthu wogwidwa, anapsa mtima.

"Kwa apongozi? Kwa apongozi ndiye kuti? Pa mapu athu pali malo otchedwa kwa apongozi? Ndinanena ine pa maphunziro, dzina la malo, mpata, nambala! Amuna anu sanakuuzeni?"

"Anandiuza."

"Nanga bwanji simunalembe dzina la doko?"

Emma anamangitsa chitenje cha mwana kumsana.

"Mayi, ndikufunsa. Chitsulo chanu chili pa doko lanji? Tchulani."

"Bambo, kwanu nkuti?"

"Ku Mwenilondo. Zikukhudzana bwanji?"

"Ndimayesa ndinu wa ku Blantyre," anatero Emma, nayang'ana kumbali.

Apa mpamene zinamulowa, ndipo zinalowa ngati minga ya m'phazi. Doko lija limatchedwa dzina la mkulu amene dimba lake lili pamenepo, a Mwakibinga, ndipo a Mwakibinga ndi bambo ake a Hudson. Kwa Ankhonde osunga mwambo mkazi satchula dzina la apongozi ake aamuna. Sakhala pamene iwo akhala, sawayang'ana kumaso, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Ambokile zimenezi sanaziwerenge m'buku. Mayi ake omubala anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri osatchulapo dzina la agogo ake, ndipo iye anakula akuona zimenezo ngati mmene munthu amaonera denga la nyumba yake. Koma pokonza sefa anakhala pansi nkulamula kuti aliyense wowerenga chitsulo chimenecho azilemba dzina la mkuluyo kawiri pa tsiku.

Ngakhale pamenepo mtima wake wouma unayesa kupeza pothawira.

"Komatu kulemba si kutchula," anatero, mawu atatsika.

"Chala ndi changa, pakamwa ndi panga. Mukufuna foni ikagwe m'manja mwa alamu anga aone ndalemba dzina la atata awo ngati ndikuitana mwana? Ndinaganiza kuti ku ofesi kuli anthu, awerenga, adziwa kuti mkazi wa Hudson akati kwa apongozi akunena kuti."

Ku ofesi kunalidi munthu, koma sankawerenga. Ambokile anachita chimene sanachitepo chiyambire ntchitoyi: anatembenuza lamulo, nauza kompyuta kuti imuonetse mizere yonse imene sefa inkataya. Inatsika ngati mpunga wokhuthuka m'thumba, mavesi, moni, madandaulo a mbewu, ndipo pakatipakati, m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, "Kwa apongozi 140", "Kwa apongozi 152", "Kwa apongozi 149". Atapatula mauthenga a Emma anakwana 241. Pa Khirisimasi analipo awiri.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi chifukwa cha kuphweka. Pambali pa dzina la doko anaikapo kamzere koimirira kamene m'rejekisi kamatanthauza "kapena", nalemba mawu akuti apongozi. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Kenako anatayipa kalata ina yaulemu, yonena kuti panali vuto la makina, naipereka kwa a Khumbize kuti asayine.

A Khumbize anaiwerenga ataimirira, magalasi ali pamphuno.

"Vuto la makina? A Mwangomba, makina ndi amene analemba kuti ulesi ndi kutayirira?"

"Madamu, chachikulu nchakuti zakonzeka."

Emma, amene anali atakhala pa benchi akuyamwitsa, sanatambasule ndi dzanja lomwe.

"Pepala limenelo ndikalitani? Ndikaliike m'Baibulo? Loyamba lija linawerengedwa pa anthu, ndi wa mbuzi yemwe analipo. Amene analemba abwere akanene ndi pakamwa pake pomwepo."

"Mayi, ndi ulendo wa maola awiri, msewu ndi matope okhaokha, ndili ndi malipoti..."

"Ine ndadzera msewu womwewo."

A Khumbize anapinda kalata ija pakati nkuiponya m'dengu la zinyalala. "Lachisanu mutenge njinga yamoto ya ofesi," anatero. "Foni ndi majombo zikapite ndi inu. Safunsa anadya phula, a Mwangomba. Inuyo mwadya chisa chonse."

Masiku awiri amenewo Ambokile anavutitsa aliyense. Kunyumba anakalipira ana chifukwa cha wailesi. Kukwaya anauza anzake kuti dziko lino silingatukuke ngati uthenga wa chenjezo uziyamba wadutsa m'miyambo. Mnzake wina wa tenala anamufunsa kuti, "Nanga iwe dzina la apongozi ako aakazi umaliitana pamsewu?" ndipo nkhani inathera pomwepo. Chimene chinkamuwawa kwenikweni sanachinene kwa munthu. Unali mzere wa 6:41 uja. Pa nthawi imeneyo iye anali akumwa tiyi, laputopu ili chitsegulire patsogolo pake, ikumuuza kuti mitsinje yonse ili bwino.

Lachisanu anagwa kawiri asanafike, kachiwiriko m'ngalande ya munda wa mpunga, anthu opalira akumuonerera. Anafika thalauza ili mbuu, mapepala atawakulunga m'jumbo. Msonkhano unali panja pa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Anthu anali ambiri kuposa mmene ankayembekezera, chifukwa mbiri inali itamveka kuti wa makina akubwera yekha. Wapampando wa komiti, mayi wina wojintcha dzina lake Febby, anamulozera poima. Kutsogolo, pa mpando wa pulasitiki, panakhala nkhalamba yowonda yovala jekete lalikulu ndi chipewa cha ulusi, ikusenda nthochi. Amenewo ndiwo anali a Mwakibinga.

Ambokile anamwaza maso kufunafuna Emma, osamuona.

"Mama Lughano sanabwere?" anafunsa monong'ona.

"Alipo," anatero Febby, naloza ndi mlomo ku nthochi zowirira kuseri kwa khitchini ya tchalitchi. "Angakhale bwanji pano atata ali apa?"

Choncho anayamba kulankhula kwa anthu amene sanawalakwire, amene anamulakwira ali kuseri kwa masamba. Anayamba ndi chimene ankachidziwa. Anafotokoza za fayilo, za mizere, za mmene kompyuta imafananizira zilembo chimodzichimodzi, za kamzere koimirira. Anthu ankangomuyang'ana. Mayi wina anayasamula mokweza. Wa mbuzi uja, amene Febby anali atamulozera kale, ankatokosa m'mano ndi kamtengo.

A Mwakibinga anamaliza nthochi yawo, napinda khoko bwinobwino, nakweza dzanja.

"Mwana wanga, ine sukulu sindinapite, za timizere tanuto sindikumva. Ndingofunsa. Mkamwana wanga, mkazi wa Hudson, amapita kumtsinje kapena samapita?"

"Amapita, atata."

"Ehee. Ine nkhope yake sindinaionepo bwinobwino chikwatiwire pakhomo pano, zaka zisanu ndi zinayi. Koma m'mawa uliwonse ndinkamva majombo ake, phwa, phwa, phwa, akuzungulira kuseri kwa dimba langa kuti asakumane nane. Njira yachidule ilipo, iye amadzera yaitali, ya minga. Ine wosamuona ndimadziwa. Inu a maso anayi ndi makina simunadziwe?"

Anthu anaseka, ndipo Ambokile analakalaka nthaka itang'ambika. Anavula magalasi, nawavalanso.

"Wolakwa ndine," anatero. "Mayiwa sanaphonye tsiku. Mawu a ulesi aja ndinalemba ndine."

"Mukuuza ine?" anatero mkuluyo. "Ine ndili pompano, ndamva. Mwini nkhani ali uko. Kwezani mawu, besi timamva kuti mumaimba."

Ambokile anatembenukira ku nthochi zija. Palibe chopusa ngati mwamuna wamkulu, wamatope m'thalauza, kukuwira masamba a nthochi dzuwa lili pamutu, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Anakoka mpweya.

"Mama Lughano! Wolakwa ndine! Simunaphonye tsiku ngakhale limodzi! Pa 14 Januwale munatumiza katatu, ine sindinawerenge! Mbuzi zija zinapita chifukwa cha ine, osati inu! Ndinakunamizirani ulesi, pepani!"

Wa mbuzi uja anataya kamtengo kake, nayang'ana pansi. Febby ananyamula foni ndi majombo nkulowa nazo m'nthochimo. Anakhalitsako ndithu, ndipo Ambokile anayamba kupinda mapepala ake, mtima ukutsika, akuganiza za msewu wobwerera mvula isanagwe.

Febby anatuluka chimanjamanja.

"Akuti amva, ndagha, zikomo. Foni alandira, mawa m'mawa ayambiranso." Anaima pang'ono, akulimbana ndi kumwetulira. "Koma akuti mauthenga awo aja palibe anawawerengapo chitumizireni. Akuti mwabwera nawo pa pepala, ndiye muwawerenge."

"Onse?"

"Akuti onse."

Ambokile anayang'ana mapepala asanu ndi limodzi amene anali m'manja mwake, anayang'ana mitambo imene inali kuda cha kumapiri, nayang'ana anthu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka. A Mwakibinga anakhazikika bwino pa mpando wawo natenga nthochi ina.

Anatambasula pepala loyamba, natembenukiranso ku nthochi zija.

"Okutobala 18, sikisi koloko m'mawa," anakuwa. "Kwa apongozi, 96."

Mvula inamupeza ali pakati pa Disembala, ndipo anapitiriza kuwerenga.